Amayi a Hamba ku Honde ndi ku Chipinge

Mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, katawuni ka Sturgis ku South Dakota, m'dziko la America, kamadzaza ndi okonda njinga zamoto. Mwambowu unayamba mu 1938, ndipo masiku ano amasonkhanako anthu pafupifupi theka la miliyoni. Pakati pawo pali a njinga za matayala atatu, monga Tri Glide ya kampani ya Harley-Davidson kapena Can-Am Spyder ya ku Canada. Ambiri ndi achikulire oti mawondo anayamba kukana kuchirikiza njinga yolemera ya matayala awiri, koma mtima wofuna kuwombedwa mphepo pamsewu udakalipo. Amayenda masiku angapo kuti akafike, akafika n'kumayamikirana utoto ndi kulira kwa injini, kenaka n'kubwerera kwawo.

Koma njinga ya matayala atatu si yosangalalira yokha, yakhala ikugwiranso ntchito kuyambira kale. Harley-Davidson yomweyo inkapanga Servi-Car kuyambira mu 1932 mpaka 1973, ndipo ankaigwiritsa ntchito ndi amakaniko, apolisi ndi operekera katundu. Ku Italy, kampani ya Piaggio inatulutsa Ape mu 1948, nkhondo itangotha, kuti ogulitsa malonda osauka apeze ponyamulira. Za mtundu umenewu n'zimene zadzaza misewu ya ku India, ndipo ku Tete amazitcha txopela. Kum'mawa kwa Zimbabwe, m'madera olima tiyi a Honde ndi Chipinge, njingayi yabala ntchito yatsopano, ndipo ambiri oigwira ndi amayi.

Kuti mufike ku Honde mumachoka ku Mutare kulowera msewu wa ku Nyanga, kenaka n'kukhotera kumanja. Kuchokera pamenepo msewu umatsetsereka mokhotakhota mpaka makutu kutsekeka, mathithi a Mtarazi, otalika mamita 762, akuoneka patali ngati kulibe nkhungu. Pansi m'chigwamo n'kotentha, mvula ndi yambiri, ndipo paliponse pamene khasu lingalowe pali nthochi. Msika waukulu ndi Hauna, m'boma la Mutasa, pomwe palinso chipatala chachikulu cha m'deralo. Mukapitirira mumafika ku minda ya tiyi ya Eastern Highlands ndi Aberfoyle, pafupi ndi malire a Mozambique. Munthu wa ku Thyolo kapena Mulanje akafika kumeneko saona chachilendo kwenikweni: mizere yobiriwira ya tiyi, makomboni, sikelo pansi pa shedi, kapitawo ndi buku lake. Ndipo m'mafamu ndi m'maesiteti a dziko limenelo mudakali zidzukulu za anthu akwathu amene anapita ku Rhodesia kukagwira ntchito, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, ena pa malole a ulere, ambiri wapansi.

Njinga za matayala atatu zimene amayi a kumeneko amayendetsa dzina lake ndi Hamba. Inazibweretsa ndi kampani yotchedwa Mobility for Africa, yomwe anaiyambitsa ndi Shantha Bloemen, mayi amene kale ankagwira ntchito ku UNICEF. Anayamba kuziyesa ku Wedza mu 2019. Zipangizo zimachokera ku China, n'kudzalumikizidwa ku Harare. Kutsogolo ndi njinga yamoto, kumbuyo kuli kangolo kokhala ndi matayala awiri. Injini ya petulo ilibe, imayendera batire, ndipo batire limodzi lodzaza bwino limatha kuyenda makilomita pafupifupi 100. Katundu imanyamula wokwana makilogalamu 400 kapena kuposerapo pang'ono, kutanthauza matumba asanu ndi atatu a feteleza. Ku Wedza amayi ankabwereka njinga imodzi m'magulu a anthu atatu, n'kumalipira madola 15 pamwezi. Pambuyo pake panadza njira yolipira pang'onopang'ono mpaka njingayo ikhale yako. Mu 2022 bungwe la InfraCo Africa linaikamo madola 2 miliyoni, ati agulire njinga 400, mabatire 600 ndi kumanga malo 8 otchajira. Ku Hauna amayi anayamba kuyendetsa Hamba mu 2024.

Chimene chinapereka ntchitoyi ndi mtunda wochoka kumunda kufika kumsewu wa tala. Malole ogula nthochi zopita kumsika wa Mbare ku Harare amaima pomwe msewu uli wabwino. Munda wa mlimi uli pamwamba pa chitunda, kapena tsidya la khwawa, makilomita asanu kapena khumi kuchokera pomwe pali lole. Kale mtunda umenewo unkayendedwa ndi mutu wa mayi, nkhata ili pakati. Mkoko umodzi wa nthochi wokhwima bwino umathyola khosi, ndipo woti wadula mikoko makumi awiri amatha tsiku lonse akungopita ndi kubwerera, ana atajombetsedwa kusukulu kuti athandize. Wilibala pa chitunda imafuna amuna awiri. Ngolo ya ng'ombe ndi ya ochepa, ndipo imachedwa. Galimoto ya matola imakana kulowa m'tinjira, kapena imatchula mtengo woti mlimi atsale wopanda kanthu.

Kupakira nthochi m'kangolo kuli ndi luso lake, ndipo woyendetsa wozolowera salola kuti mwini katundu apakire yekha. Pansi amayala masangwi ndi masamba a nthochi kuti chitsulo chisasupule zipatso, chifukwa nthochi yosupuka imada isanafike ku Harare ndipo wogula amaikana. Mikoko yolemera imakhala pansi ndi pakati, chakutsogolo pang'ono, yopepuka pamwamba. Akatero amamanga ndi mphira wa chubu chakale, n'kugwedeza kangoloko ndi dzanja kuti amve ngati mbali ina yalemera. Amachita zimenezi chifukwa njinga ya matayala atatu siipendekera pakona monga imachitira ya matayala awiri. Ukalowa pakona ndi liwiro, katundu atakwera m'mwamba, tayala lam'kati limanyamuka, ndipo ukaponda buleki mwamantha pamenepo zonse zimagubuduka. Wa kabaza amene anazolowera kugoneka njinga yake pokhota amayenera kuiwala kaye zimene akudziwa. Ndimaganiza kuti n'chifukwa chake mayi woti sanakwerepo njinga yamoto savutika kwambiri kuphunzira Hamba, pakuti alibe chizolowezi choti asiye.

Kutsika nako kumaopsa kuposa kukwera. Pokwera chitunda, choipa chimene chingachitike n'kutha kwa batire msanga kapena kutsitsako matumba awiri n'kudzawabwerera. Potsika, makilogalamu 400 amakukankha kumsana, ndipo m'dzinja dothi lofiira la kumeneko limaterera ngati therere. Oyendetsa ochenjera amachepetsa katundu mvula ikagwa, ngakhale mwini katundu adandaule kuti alipira maulendo awiri.

Tiyi wa maesiteti akuluakulu sakwera Hamba. Masamba akathyoledwa amayenera kufika kufakitale pa maola ochepa, apo ayi amatentha m'matumba, n'kufiira, n'kutsika mtengo, ndiye makampani ali ndi mathalakitala ndi malole awo. Ntchito ya Hamba ili m'mbali mwa esiteti. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a ku Honde, amene amagulitsa masamba awo kufakitale, ali ndi mtunda woti ayende kuti akafike pasikelo. Antchito a m'makomboni akalandira kumapeto kwa mwezi amagula ufa, mafuta ophikira ndi sopo ku Hauna, ndipo zonsezo zimafuna kukwera phiri. Pali chimanga chopita kuchigayo, simenti ndi malata a womanga nyumba, matumba a feteleza mvula ikayandikira. Pali ndi odwala. Mayi wapakati akayamba kumva kupweteka usiku kumudzi kopanda galimoto, foni imalira kwa mayi wa Hamba, ndipo ulendo wotere kawirikawiri mtengo amakambirana kukacha, nthawi zina osakambirana n'komwe chifukwa wodwalayo ndi mwana wa achemwali kapena mnansi wa kutchalitchi.

Apa m'pamene pali kusiyana ndi mnyamata wa kabaza wa m'tauni. Iyeyo amanyamula anthu osawadziwa, ndalama m'manja. Mayi wa Hamba amanyamula abale ake, apongozi, aphunzitsi a ana ake. Ngongole imachuluka, ndipo kulonjerera apongozi n'kovuta. Komanso ku Zimbabwe ndalama zing'onozing'ono zimasowa. Malonda ambiri amachitika m'madola a ku America ngakhale boma linatulutsa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024, ndiye ulendo woyenera theka la dola umasanduka nkhani ya chenji, ya kulipira pafoni kudzera pa EcoCash, kapena ya "mudzandikweza mawa".

Chipinge ali kummwera, ulendo wina wochoka ku Mutare. Kumeneko n'komwe tiyi anayambira m'dzikomo, pa esiteti ya New Year's Gift mu 1924, ndi mbewu yochokera ku Assam ku India. Kampani ya Tanganda, mwini Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira, inachokera pamenepo, ndipo kampani ya Ariston ili ndi Southdown ndi Clearwater. Masiku ano minda yambiri ya tiyi inadzalidwanso makademiya ndi mapeyala. Koma chimene chinakokera Hamba ku Chipinge makamaka ndi mkaka. Kuli alimi ang'onoang'ono a ng'ombe zamkaka, ndipo kampani ya Dairibord ili ndi fakitale m'tauniyo. Mkaka sudikira munthu. Ukakamidwa m'mamawa uyenera kufika pamalo oziziritsira dzuwa lisanakwere, ukachedwa umasasa ndipo pogulitsira amaubweza. Mlimi amene ankanyamula chigubu chimodzi cha malita 20 pamutu kapena panjinga yakapalasa ankangogulitsa wam'mamawa, ngakhale ng'ombe itatulutsa wambiri. Hamba imodzi imatolera zitini za makomo angapo ulendo umodzi. Woyendetsa wa mkaka ali ndi mwayi umene wa nthochi alibe, woti ntchito yake ndi ya tsiku ndi tsiku, ya nthawi yodziwika, ndipo ndalama yake imawerengeka. Vuto lake n'lakuti ng'ombe siidziwa Lamulungu kapena maliro. Misewu ya m'derali nayonso inaphwasuka kwambiri ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, ndipo tinjira ta kumidzi ndi timene timakonzedwa pomalizira.

Kuseri kwa oyendetsa kuli antchito ena osaoneka. Batire likatha, mayi sakhala pansi kudikira kuti litchajike. Amapita pamalo otchajira, pomwe padenga pali masola, n'kusiya lakuthalo, n'kutenga lodzaza, kulipira pafupifupi dola imodzi. Pamalopo pali wolemba m'buku kuti batire nambala yakuti latuluka ndi uje, ndi mmisiri woyang'ana mawaya, mabuleki ndi matayala. Makaniko wa njinga zamoto wa pamsika amadziwa kuwotcherera kangolo ndi kumata chubu, koma za batire la lithiamu ndi kabokosi kolamulira magetsi zimafuna wophunzitsidwa. Malo otchajirawa ndiwonso malire a bizinesi: woyendetsa sangavomere ulendo wopitirira theka la mphamvu ya batire, pakuti ayenera kubwerera. Masiku a mitambo yambiri, omwe ku Honde sasowa, mabatire amadzaza mochedwa. Chodabwitsa n'chakuti Zimbabwe ali ndi miyala ya lithiamu yochuluka, ku Bikita, ku Arcadia, komanso ku Sabi Star komwe kuli m'chigawo chimodzimodzi ndi Honde ndi Chipinge, cha Manicaland, mpaka boma linaletsa kuitulutsa yosayenga mu Disembala 2022, komabe mabatirewa ndi ochokera kunja.

Vuto lalikulu linabwera ndi lamulo. Mu 2025 apolisi apamsewu ku Hauna ndi ku Chipinge anayamba kugwira Hamba, ponena kuti m'malamulo a pamsewu imeneyi ndi njinga yamoto monga ina iliyonse. Ndiye iyenera kulembetsedwa n'kukhala ndi nambala, kulipiriridwa msonkho wa pamsewu wa bungwe la ZINARA ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi ya njinga yamoto. Zonsezi pamodzi zimafika madola mazana angapo, ndalama yoti mayi wonyamula nthochi, amene akubwezabe ngongole ya njingayo, sangaione pakamodzi. Apolisi sakunama, lamulo likutero, ndipo chinthu chonyamula anthu ndi katundu wolemera chotero pamsewu wa onse chiyenera kukhala ndi woyendetsa woyesedwa ndi inshuwalansi yolipira wovulala. Amene anaona mmene ngozi za njinga za kabaza zadzazira zipatala kwathu sangatsutse zimenezo. Chimene ine sindigwirizana nacho n'kuyeza Hamba ndi muyezo womwe amayezera njinga yothamanga pamsewu wa Harare ndi Mutare. Imeneyi imayenda pang'onopang'ono, imathera tsiku lonse m'tinjira tafumbi, ndipo imakhudza tala pokhapokha ikafika pamsika kapena pachipatala. Mayeso a laisensi nawonso ndi a njinga ya matayala awiri, yomwe mayiyu sadzayendetsa, ndipo amachitikira kumatauni komwe ulendo wake wokha ndi ndalama. Lamulolo linalembedwa njinga zamtunduwu kulibe, ndipo kuika gulu lakelake la njinga zamagetsi zoyenda pang'onopang'ono, la mtengo wotsika ndi mayeso ochitikira ku Hauna konko, si chinthu chovuta kwa boma lofuna.

Pakadali pano amayi ena amangoyenda m'midzi, n'kumatsitsira katundu patali ndi msika kuti asakumane ndi apolisi. Mwini nthochi amalipira Hamba mpaka pamenepo, mtunda wotsalawo n'kulembanso waganyu wosenza pamutu kuti mikoko ifike pomwe paima lole.