Chakudya cha Ana a Nsomba Chogona m'Matope Ouma

Achikumbi ambiri a m'boma la Zomba amene amalima chimanga ndi fodya ali nalonso dziwe la nsomba kumunsi kwa dimba. Iwo amene amaweta makumba ndi chilunguni sadandaula kwambiri za ana a nsomba, pakuti nsomba zimenezi zimaswana zokha m'dziwe, ndipo makumba aakazi amasunga mazira ndi ana m'kamwa kufikira atalimba. Koma munthu amene anayesa kuswetsa mlamba adziwa chisoni chache. Mazira aswa bwino, tiana tidzaza beseni, mwini nayamba kuwerengera ndalama mumtima. Itapita sabata imodzi apeza tambiri titafa, ndipo totsalato tikudyana tokhatokha. Ena amati ndi madzi oipa, ena amati pali munthu wachita kaduka. Kawirikawiri imakhala njala basi.

Kamwana ka mlamba kamabadwa ndi kathumba ka chakudya pamimba pache, monga kamba wa paulendo, ndipo kambayo amatha pa masiku atatu kapena anai. Kuyambira pamenepo kafuna chakudya chamoyo, choyendayenda m'madzi, chochepa kulingana ndi kukamwa kwache. Madeya sikangathe kuwagaya bwino chifukwa m'mimba mwache simunakhwime, ndipo madeya osadyedwa amaola ndi kuononga madzi. Tsono chakudya chamoyo chotere munthu wa kumudzi angachipeze kuti?

Amene anayamba kuvutika ndi funso limeneli ndiwo anthu oweta nsomba zokongola m'mabokosi agalasi. Nafenso itikhudza nchito yao, pakuti mbuna za m'Nyanja ya Malawi zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku gombe la Salima kukakongoletsa nyumba za ku Ulaya ndi ku America. M'chaka cha 1933 Bwana Alvin Seale, woyang'anira nyumba yoonetseramo nsomba ya Steinhart mu mzinda wa San Francisco, analemba kuti tizilombo ta m'madzi amchere totchedwa Artemia ndi chakudya chabwino cha nsomba. Ubwino wache waukulu uli m'mazira. Mazirawo amauma osafa, amatsekeredwa m'zitini, ndipo akaikidwa m'madzi amchere amaswa pa tsiku limodzi. Ambiri amakololedwa pa nyanja yamchere ya Great Salt Lake ku America, nagulitsidwa ku maiko onse kumene anthu amaswetsa nsomba. Koma chitini chimodzi chifuna ndalama zambiri, ndiponso tizilomboto tikaikidwa m'madzi opanda mchere timafa patangopita maola owerengeka.

Artemia ali ndi abale ache a m'madzi a mvula, ndipo abalewo ndi a kuno kwathu ku Afirika. Azungu amawatcha fairy shrimp. Ophunzira za zamoyo amautcha Streptocephalus mtundu umene uli wofala m'zithaphwi za kummwera ndi kummawa kwa Afirika. Ife m'nkhani ino tizingoti tachagada, chifukwa ndimo m'mene mudzatizindikirire: timasambira chagada, msana pansi, miyendo kumwamba. Miyendoyo ilipo 22, khumi ndi umodzi mbali iliyonse, ndipo imapalasa kosalekeza ngati udzu woombedwa ndi mphepo. Ndi miyendo yomweyo kachilomboka kamasambira, kamapuma, ndi kusefa chakudya m'madzi. Thupi lache ndi loonekera ngati galasi, kumchira kuli timphanda tiwiri tofiirira, ndipo kakakula kamafika pafupi inchi imodzi. Kakakazi kamanyamula kathumba kakatali ka mazira kunsi kwa mimba. Ana oweta mbuzi amationa chaka ndi chaka, koma amatiyesa tinsomba kapena ambululu, ndipo akulu sitiweramira chithaphwi.

Musataye nthawi kukatifunafuna pamwamba pa Phiri la Zomba. Phirilo limafika mapazi oposa 6,800 pa nsonga ya Malumbe, ndipo madzi a mu Mulunguzi ndi ozizira, othamanga, osaphwa chaka chonse. Madzi otere ndi a trout, nsomba imene inabwera ndi azungu m'chaka cha 1906 kuti aziwedza posangalala. Ndiyo inali nsomba yoyamba kuwetedwa m'dziko muno, ndipo kumunsi kotentha singakhale moyo. Kuweta nsomba zathuzathu kunayamba pambuyo, ndipo Boma linatsegula maiwe a ku Domasi m'chaka cha 1957 kuti aziswetsa makumba ndi chilunguni ndi kugawira achikumbi. Tachagada tifuna malo osiyana ndi onsewa. Tilibe chigoba cholimba kapena njira yodzitetezera, kotero pamene pali nsomba sitikhalitsa. Kwao ndi m'chithaphwi chimene chimadzala ndi mvula yoyamba ndi kuphwa kotheratu m'chilimwe: m'mbali mwa mseu, m'maenje okumbamo dothi la njerwa, m'malo otsika a m'chigwa kulowera ku Chilwa. Nsomba sizifikamo, ndiye chifukwa chache iti timakhalamo.

Chinsinsi cha moyo wao anthu a ku Chilwa sangachidabwe. Nyanja imeneyi inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka chigwa cha makande ong'aluka, anthu nayenda pansi pomwe pamayenda mabwato. Madzi atabwerera pambuyo pa 1968, aphunzitsi a pa University of Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anaona kuti tizilombo ta m'madzi timene matemba ndi ana a makumba amadya tinaonekanso msanga. Mazira ao anali atagona m'dothi. M'zithaphwi za m'chigwa chomwecho muli kansomba kofiira kotchedwa Nothobranchius kirki, kamene kanalembedwa m'mabuku mu 1969. Makolo amafa madzi akaphwa, mazira natsala m'matope kudikira dzinja, ndipo oweta nsomba m'magalasi ku maiko akutali amatumizirana mazira a nsomba zotere m'timapaketi. Tachagada timachita chimodzimodzi, koma mazira ao ndi olimba koposa, pakuti angathe kugona m'fumbi zaka zingapo osafa.

Pali chinthu china chimene mlimi wa chimanga adzachimvetsa msanga. Mazirawo saswa onse pa mvula yoyamba. Ena aswa, ena atsala kudikira kudzala kwachiwiri kapena kwachitatu. Chizimalupsa chikanyenga, chithaphwi nichiphwa tiana tisanakule, mtunduwo suthera pomwepo. Ndi nzeru yomwe ija ya munthu amene sataya mbeu yache yonse m'nthaka pa mvula imodzi.

Kachitidwe kache ndi kotere. M'dzinja yang'anani zithaphwi za kwanu, makamaka pakapita sabata ziwiri chiyambire mvula, ndi kuika chizindikiro pamene mwaona tachagada. Si chithaphwi chilichonse chili nato, kotero kuyang'anako ndiko theka la nchito. M'mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala, pamene malowo auma gwa, pitani ndi khasu ndi kupala dothi la pamwamba pokha, kuya kosapitirira chala chopingasa, makamaka pakati pamene madzi anathera. Musakumbe mozama, ndipo musapale chithaphwi chonse. Siyani mbali yaikulu kuti chaka chamawa mudzapezenso. Mazirawo simudzawaona. Ndi ochepa kuposa njere ya fodya, ndipo inu amene mumafesa nazale mudziwa kuti njere yochepa motero ingathe kukhala yambirimbiri m'dzanja limodzi. Sungani dothilo m'thumba la nsalu kapena la pepala, pamalo ouma, kutali ndi feteleza ndi mankhwala.

Pothyola zibuma za dothilo tayani nkhono iliyonse imene mwaipeza, ngakhale yooneka ngati yakufa. Nkhono zina zofalitsa likodzo nazonso zimabisala m'matope m'chilimwe ndi kudzuka madzi akabwera, ndipo palibe amene afuna kudzinyamulira yekha nthenda imeneyi kupita nayo ku dziwe lache.

Nthawi yoswetsa ikafika, thirani manja awiri a dothi m'beseni lotambalala kapena m'phale lalikulu, ndi kuthirapo madzi kuya ngati chikhato. Madzi oyenera ndi a mvula, pakuti ndiwo amene mazirawo akudikira. Madzi a pa mpopi a mu mzinda wa Zomba, ochokera ku damu la Mulunguzi, amathiridwa mankhwala ophera tizilombo toyambitsa matenda, kotero ayambe agona m'ndowa yosavundikira masiku awiri. Musathire mchere, umenewo ndi wa Artemia. Ikani beseni pamalo owala ndi ofunda, koma osati pa dzuwa la masana la mwezi wa Novembala, limene lingaphike madzi osaya. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu tungani pang'ono m'tambula yagalasi ndi kuyang'ana moloza kuwala. Mudzaona timadontho todumphadumpha. Timeneto ndito chakudya choyenera kamwana ka mlamba kamene kangomaliza kamba wache. Tisefeni ndi kansalu kopyapyala, mutsukulutse m'madzi oyera, ndi kupatsa tinsomba pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Popeza ndi ta m'madzi a mvula, tosadyedwa timapitiriza kusambira m'menemo kufikira nsomba itamvanso njala, osaola monga achitira madeya.

Chifukwa cha ichi, amene afuna kuswetsa mlamba anyike dothi lache pa tsiku limene mazira a nsomba aswa, kuti njala ya tinsomba ndi kuswa kwa chakudya zikomane.

Pamodzi ndi tachagada mudzatulukanso tizilombo tina tating'ono tonga nthata, toyenda modumpha. Musatitaye, pakuti nato ndi chakudya chabwino, ndipo nthawi zina dothi limatulutsa tokhato. Koma mukaona kachilombo ka chigoba chophwatalala pamsana ngati kafulu, kokhala ndi michira iwiri yaitali, kofukulafukula pansi, kachotseni, chifukwa kamadya anzache.

Mukafuna kulera tachagada kuti tikule, mudyetse nsomba zokulirapo kapena mupeze mazira ena, chakudya chao ndi madzi obiriwira. Amapangika mukaika manyowa pang'ono a nkhuku kapena a mbuzi m'ndowa ya madzi ndi kuisiya padzuwa masiku angapo. Thirani kapu imodzi m'beseni, mudikire madzi ayerenso musanathire ina. Yisiti wa buledi wosungunula amagwiranso nchito, koma wochepa ngati kansonga ka mpeni. Pano ndi pamene anthu ambiri amalakwa, chifukwa cha mtima wabwino. Amaonjeza chakudya, madzi nanunkha, mpweya nutha m'madzimo, m'mawa napeza tonse tili pansi. Tizilomboti timapirira njala koposa madzi oola.

Tsopano mau kwa alimi a fodya. Nyengo ya nchito imeneyi ndi yomwenso ya nazale ndi kuokera, pamene makheni, ndowa ndi mipope yopoperera zili m'manja tsiku ndi tsiku. Mankhwala opha nsabwe ndi mbozi za fodya amaphanso tachagada, ndipo amatero ngakhale atatsala ochepa zedi, pakuti tizilomboti ndi pachibale ndi tizilombo touluka ndi tokwawa timene mankhwalawo anapangidwira. Kheni imene inathiridwapo mankhwala isayandikire beseni, ngakhale mutaitsuka katatu. Amene wachokera kopopera asambe m'manja ndi sopo asanagwire kansalu kosefera. Ndipo amene amatsukira mpope m'chithaphwi cha m'mbali mwa munda adziwe kuti akupha nkhokwe imene tikunenayi, pamodzi ndi achule amene amamthandiza kudya tizilombo m'munda. Chenjezo lina ndi la udzudzu. Beseni la madzi oima ndi malo oikira mazira, choncho livundikireni ndi nsalu yopyapyala yolowa kuwala ndi mpweya. Nsaluyo idzatsekerezanso atombolombo, amene ana ao ndi adani a tachagada ndi a tinsomba tomwe. Koma musadule chidutswa cha masikito ogonamo kuti chikhale chivundikiro kapena chosefera. Masikito a masiku ano ndi onyikidwa m'mankhwala, ndipo adzapha zonse za m'besenimo.

Tisanamizane kuti beseni limodzi lingadyetse tinsomba zikwi zambiri. Silingathe. Lingathe kuolotsa tinsomba towerengeka pa masiku oopsa oyambirira aja, kufikira titayamba kulandira chakudya chosinja. Amene ali ndi tinsomba tambiri akonzenso kadziwe kakang'ono, akathire manyowa sabata imodzi kapena ziwiri tinsomba tisanalowemo, kuti madzi abiriwire ndi kudzala tizilombo. Alangizi a za nsomba ndi a ku Domasi angamuonetse muyeso woyenera dziwe lache. Azipatulanso timilamba tokula msanga, pakuti ndito timameza tinzao. Komabe nchitoyi singanyozeke. Ku Thailand mtundu wina wa Streptocephalus unalembedwa m'mabuku m'chaka cha 2000, ndipo pambuyo pache alimi a kumeneko anayamba kuuweta m'matanki ndi kugulitsa mazira ndi tizilombo tomwe kwa oweta nsomba za m'magalasi.

Pakapita sabata ziwiri kapena zitatu mudzaona tatikazi titanyamula timatumba ta mazira, ndipo timataya mazirawo pansi masiku ndi masiku. Tikayamba kukalamba ndi kuchepa, patsani nsomba totsalato, mukhuthule madzi a pamwamba mosamala osavundula matope, ndi kusiya beseni pamthunzi kuti liume lokha. Likauma gwa lisiyeni sabata zingapo, pakuti mazira ambiri amafuna kuyamba auma asanaswe. Kenaka palani dothilo, muligawe pawiri, theka lonyika ndi theka losunga, ndi kulemba pathumba mwezi ndi malo amene munalitenga.