Kukula kwa tayala si mphamvu, eni mapikapu

Pali matenda amene agwira ife eni mapikapu m'dziko muno, ndipo ine ndikulemba pano ngati munthu amene adadwalako mpaka kutsala pang'ono kupita kulichete. Matenda ake ndi ofuna kuti galimoto ya tani imodzi izioneka ngati thirakitala, izinyamula ngati lole, kenaka usiku iziwala ngati bwalo la ndege.

Yanga idali Toyota Hilux yakale, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, imene ndinkanyamulira katundu wa m'magolosale kuchokera ku Limbe kupita ku Dyeratu ndi ku Nchalo. Idali ndi matayala olembedwa 195R14C, ndipo kwa zaka zingapo sidandikhumudwitsepo. Koma mukudziwa mtima wa munthu. Ndikaima pafupi ndi anzanga a matayala akuluakulu, ndinkaona ngati ndikuyendetsa wilibala.

Tsiku lina Loweruka ndidakwera ku Ndirande. Mnyamata wina wogulitsa matayala a kaunjika adandigubuduzira anayi olembedwa 235/75R15, malimu ake ali pomwepo. "Bwana, awa ndiye matayala," adatero akumenya limodzi ndi chikhatho. "Mukaika awa, ngakhale matumba 30 munyamula, galimoto osamva kanthu." Matumba 30 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi ndi theka, koma ine masamu ndidawaiwala kunyumba. Tsiku lomwelo wowotcherera wina adandiwonjezera masipuling'i awiriawiri kumbuyo, ndipo wa zamagetsi adandipachikira nyali ziwiri zikuluzikulu kutsogolo. Madzulo ndidalowa pakhomo ngati nduna. Mayi a kunyumba adangoyang'ana, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, ndalama ya fizi ija ndi imeneyi?"

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sabata isadathe, galimoto idayamba kukana zitunda. Pobwerera ku Blantyre, malo amene ndinkakwera ndi giya yachitatu ndidayamba kukwawa ndi yachiwiri, kalachi ikununkha. Ndikakhota kwambiri, tayala lakutsogolo linkakhula madigadi. Nyali zija zinkapsereza fyuzi usiku uliwonse, mpaka ndidachita zimene ambiri timachita: kuchotsa fyuzi n'kulumikiza ndi kawaya.

Tsono lidafika tsiku. Ndinkatsika mapiri a ku Chikwawa nditasenza shuga, sopo, mafuta ophikira ndi simenti, pamwamba pake patakhala anthu atatu a matola. Nditadutsa makona angapo, buleki idayamba kufewa. Ndikaponda, galimoto imangoti ndamva, koma osaima. Mwamwayi ndidakwanitsa kulowetsa giya yachiwiri, n'kukhulitsa mbali ya galimoto kuchikweza cha m'mphepete mwa msewu mpaka idaima. Mayi wina amene adali kumbuyo ndi mwana kumsana adatsika osalankhula, n'kuyamba ulendo wapansi. Nkhope yake sindidzaiiwala.

Amene adanditsegula m'maso ndi makaniko wina wachikulire amene adabwera kudzatikoka. Adazungulira galimoto kawiri, n'kugwada pa tayala. "Achimwene, munawerenga zimene zalembedwa apazi?" Ndidati, "Ayi madala, ndinangoona kukula." Adapukusa mutu. Zimene adandiphunzitsa tsiku limenelo, ndi zina zimene ndidafufuza pambuyo pake, ndi zimene ndikufuna ndigawane nanu.

Manambala a pa tayala si zokongoletsa ayi. Pa 235/75R15, nambala 235 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. Nambala 75 ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika pamene limaponda, ndi magawo 75 pa 100 a kufutukukako. Nambala 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Mukaphatikiza zonse, tayala limeneli ndi lalitali pafupifupi masentimita 73, pomwe langa lakale lija lidali la masentimita 67. Kusiyana kwake ndi pafupifupi magawo 10 pa 100, ndipo magawo 10 amenewa ndiwo adandibweretsera mavuto onse.

Tayala lalitali limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi. Choncho muvi wa liwiro ukamaloza pa 80, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 88. Wapolisi wapamsewu akakuimitsa ndi makina ake, iwe umalumbira kuti sunathamange, chonsecho wonama ndi muvi wako. Nawo makilomita amawerengedwa operewera, ndiye tsiku lothira oilo watsopano limadutsa iwe osadziwa. Injini imavutika kutembenuza tayala lalikulu, mofanana ndi munthu wopalasa njinga pachitunda tcheni ali pa giya yolemera. Buleki nayonso imavutika chimodzimodzi, pakuti kukula kwake n'komwe kuja koma ikulimbana ndi gudumu lotalikirapo.

Chimene chidandipweteka kwambiri n'chakuti tayala langa laling'ono lija lidali lamphamvu kuposa chimphona chimene ndidagula. Chilembo C chimene chili kumapeto kwa 195R14C chimasonyeza kuti ndi tayala la galimoto zonyamula katundu. Pambali pake pamalembedwa 106/104, ndipo 106 imatanthauza kuti tayala limodzi litha kusenza makilogalamu 950. Pa matayala a kaunjika aja padalembedwa 105, kutanthauza makilogalamu 925, ndipo adali a galimoto zonyamula anthu, a khoma lofewa, osalola mpweya wambiri ngati umene timapopa m'matayala a katundu. Ndidalipira ndalama kuti ndichepetse mphamvu ya galimoto yanga.

Palinso nambala ina imene ogulitsa safuna kuti muione. Kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT kuli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala lidapangidwa. Mukaona 2318, ndiye kuti ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Kalembedwe ka manambala anayika kadayamba m'chaka cha 2000, ndiye mukapeza la manambala atatu okha, dziwani kuti tayalalo ndi nkhalamba ya chaka cha 1999 kapena kumbuyo kwake. Mphira umakalamba ngakhale mano akuoneka atsopano, ndipo phula la ku Lower Shire mwezi wa Okutobala silimvera chisoni tayala lokalamba.

Nanga masipuling'i? Apa mpamene ambiri timadzinamiza. Kuwonjezera masipuling'i kumangochititsa kuti galimoto isagwade ikasenza, basi. Ekiselo ndi yomwe ija, mabering'i ndi omwe aja, mabuleki ndi omwe aja. Kugwada kuja lidali chenjezo lakuti katundu wakwana, ndipo ife timalipira wowotcherera kuti atichotsere chenjezolo. Komanso mapikapu ambiri akale ali ndi kavalavu pansi chakumbuyo, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kachitsulo. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kavalavuko kamalola kuti mabuleki akumbuyo agwire kwambiri. Ikakhala yopanda kanthu, kamachepetsa mphamvu kuti matayala akumbuyo asatsetsereke. Tsono iwe ukaikweza ndi masipuling'i owonjezera, kavalavu kamaona ngati mulibe katundu ngakhale wasenza simenti. Ntchito yonse imatsalira mabuleki akutsogolo, amene pa mtsetse wautali amatentha mpaka kuleka kugwira. Izi ndi zimene zidandichitikira ine.

Za nyali zija, madala adangoseka. Nyali ziwiri za mawati 100 iliyonse, pa batire la mavolti 12, zimakoka pafupifupi ma amp 17. Mnyamata uja adangozilumikiza ku waya wa nyali zakale, waya wowonda wopangidwira mababu a mawati 55 kapena 60. Fyuzi imene inkapsa ija sinkalakwa, inkagwira ntchito yake yoteteza galimoto kuti isayake moto. Nyali zotere zimafuna waya wake wokhuthala wochokera ku batire, fyuzi yake, ndi relay yake. Titatsegula pansi pa chiwongolero, tidapeza mawaya atasungunuka n'kumatana ngati phula la njuchi.

Sindikunena kuti kusintha galimoto ndi tchimo ayi. Misewu yathu tikuidziwa, ndipo munthu woyenda m'matope a ku Nsanje kapena m'miyala ya ku Neno ali ndi chifukwa chofunira tayala la mano olimba. Koma kusintha kwanzeru kumayamba ndi kuwerenga. Mapikapu ambiri ali ndi kachikwangwani pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku lake, kosonyeza tayala loyenera, mpweya wake ndi kulemera kumene galimoto ingasenze. Ngati mukusintha, sankhani tayala lotalika pafupifupi mofanana ndi lakale, ndipo nambala ya katundu isatsike. Matayala a pa ekiselo imodzi akhale ofanana. Mukakhudza masipuling'i, pezani makaniko wodziwa kusintha kavalavu kaja, osati wongodziwa kumanga mabawuti.

Inunso owotcherera, ogulitsa matayala ndi amakaniko a pansi pa mtengo, muzitiuza zoona ngakhale tikubwera ndi ndalama m'manja. Kasitomala wamoyo adzabweranso mawa. Ndipo inu okwera matola, mukaona pikapu yatukula kumbuyo ngati nyerere yolusa chonsecho yadzaza matumba, musaganize kuti ndiyo yamphamvu.

Ine ndidabwerera ku 195R14C, masipuling'i owonjezera ndidachotsa, ndipo simenti ikachuluka ndinkayenda maulendo awiri. Anzanga ena ankandiseka kuti ndabwerera ku wilibala. Ndinkangowayankha kuti wilibala yangayo imaima ndikaiuza kuti ima. Safunsa adadya phula, abale anga, ndipo ine ndidadyako kale m'malo mwanu.