Galimoto kapena chapa: n'chiyani chimathandiza munthu wokhala ku Maputo?

Zokolola zikayenda bwino ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, mabanja ena amaganiza zosonkherana kuti mwana wawo amene amagwira ntchito ku Maputo agule galimoto. Kumudzi galimoto imabweza ndalama zake, chifukwa imanyamula kachewere, feteleza ndi anthu opita kumsika. Mumzinda waukulu zinthu n'zosiyana. Galimoto zambiri zimaswera poimika mwini wake ali pantchito, koma ndalama zikutulukabe.

Mizinda ya Maputo ndi Matola ndi yogundana, ndipo pa kalembera wa 2017 uliwonse unali ndi anthu oposa 1 miliyoni. Ntchito zambiri zili pakati pa Maputo, pomwe ogwira ntchitozo amakhala kutali, monga ku Matola, Zimpeto, Boane ndi Marracuene. M'mawa onse amalowera kumodzi, madzulo n'kubwereranso nthawi imodzi. N'chifukwa chake misewu ya EN1 ndi EN4 imathinana, ndipo wa galimoto yake amaima pamzere womwewo ndi wa chapa.

Anthu ambiri amadalira chapa ndi mabasi. Ubwino wake ndi wakuti munthu amalipira ulendo umene wayenda basi. Tsiku limene sanatuluke, ndalama imakhala m'thumba. Vuto ndi nthawi. M'malo okwerera monga Museu, Xiquelene ndi Zimpeto anthu amadikira nthawi yaitali n'kulimbirana malo. Madalaivala ena amadula ulendo pakati, choncho wokwera amalipira kawiri kuti akafike kumene akupita. Chapa zikasowa, ena amakwera malole opanda denga otchedwa "my love", dzina lomwe linabwera chifukwa okwera amagwirana kuti asagwe. Kumadera ena a Matola kulinso sitima zonyamula anthu opita kuntchito. Mtengo wa chapa ndi nkhani yaikulu kwa anthu a mumzindawu, moti utakwezedwa mu February 2008 kunabuka zipolowe.

Wogula galimoto amapulumuka ku mavutowa, koma amasenza ena. Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Mafuta amachokera kunja kwa dziko, ndipo galimoto yoima pamzere injini ikulira imamwabe. Lamulo limafuna inshulansi, kuyezetsa galimoto ndi msonkho wa chaka ndi chaka. Pamsewu wa EN4 pakati pa Maputo ndi Matola pali malo olipirira, ndipo wowoloka mlatho wa Katembe, womwe unatsegulidwa mu 2018, amalipiranso. Pakati pa mzinda poimika mpovuta, ndipo nthawi zambiri pamafunika kupatsa kangachepe anyamata olondera. Komanso galimoto zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, motero matayala, batire ndi makaniko sizichedwa kufuna ndalama. Zina mwa zimenezi, monga inshulansi ndi msonkho, zimalipiridwa ngakhale galimoto itangokhala pakhomo.

Pali anthu amene galimoto imawayenera. Namwino wogwira ntchito usiku, nthawi imene chapa zachepa, ali ndi chifukwa chomveka. Chimodzimodzi wamalonda wonyamula katundu kuchokera kumsika wa Zimpeto, kapena banja limene anthu atatu kapena anayi amapita mbali imodzi m'mawa uliwonse. Koma kwa munthu mmodzi wa malipiro ochepa, amene amakhala pafupi ndi msewu wa chapa ndipo amaweruka dzuwa lisanalowe, galimoto ikhoza kudya ndalama ya lendi ndi imene amatumiza kumudzi.

Choncho banja lisanagulitse ng'ombe kapena kupereka ndalama ya mbewu, ndi bwino kulemba mbali ziwiri papepala. Mbali imodzi pakhale ndalama ya chapa ya mwezi wathunthu. Mbali inayo pakhale mafuta, zolipira pamsewu, poimika, gawo la inshulansi ndi msonkho, ndiponso yosungira tsiku limene galimoto idzawonongeke. Ngati malipiro a mwanayo sangakwanitse mbali yachiwiriyi popanda kupempha kumudzi, nthawi yogula sinakwane. Nthawi zina kusiyana kwa ndalamazo kumakwanira kuchita lendi pafupi ndi kuntchito, ndipo zimenezi zimafupikitsa ulendo kuposa mmene galimoto ingachitire.