Ndalama Zikachepa ku Amereka, Diso la Kumwamba Limatsinzina

Alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mwina simudziwa kuti minda yanu imajambulidwa kuchokera kumwamba. Pamtunda wa makilomita 705 pamadutsa makina otchedwa Landsat, amodzi mwa masatelite a dziko la Amereka. Satelite iliyonse imabwerera pamalo amodzimodzi pakatha masiku 16. Pa zithunzi zake akatswiri amaona kumene mbewu zikuuma, kumene nkhalango yatha ndiponso mmene madzi akwerera ku Cahora Bassa.

Bungwe la NASA linatumiza Landsat yoyamba mu 1972. Koma ntchitoyi yakhala ikupulumukira mkamwa mwa mbuzi chifukwa cha ndalama.

Mu 1985 boma la Amereka, pofuna kuchepetsa zowononga, linapereka ntchitoyi kwa kampani ya EOSAT kuti izigulitsa zithunzi. Mtengo wa chithunzi chimodzi unakwera mpaka madola 4,400. Ophunzira ambiri ndi maiko osauka analeka kugula. Popeza ogula anachepa, madera ambiri sanajambulidwe kawirikawiri, ndipo zaka zimenezo zinasiya mipata m'nkhokwe ya zithunzi.

Mu 1989 ndalama zoyendetsera Landsat 4 ndi Landsat 5 zinatsala pang'ono kutha, ndipo lamulo linatuluka lakuti zizimitsidwe. Wachiwiri kwa pulezidenti, a Dan Quayle, ndi amene anathandiza kupeza ndalama zapangozi. Zikanazimitsidwa, dziko likanataya zambiri. Landsat 6 inalephera kufika m'njira yake mu 1993, choncho Landsat 5 inasenzabe katundu. Inapangidwa kuti igwire ntchito zaka 3, koma inakhala kumwamba ikutumikira kuyambira 1984 mpaka pamene inapumitsidwa mu 2013.

Mu 2008 zithunzi zinayamba kuperekedwa kwaulere, ndipo tsopano wophunzira wa ku Tete amene ali ndi intaneti atha kuona mmene dera lakwawo lasinthira.

Nkhani ya kudula ndalama inabukanso mu 2025, pamene boma la a Donald Trump linapempha kuti ndalama za NASA zitsike kuchoka pa madola 24.8 biliyoni kufika pa 18.8 biliyoni, ndipo gawo la sayansi lidulidwe pafupifupi theka.

Wina angafunse kuti, za ku Washington zikutikhudza bwanji ife? Msewu ukasowa ndalama chaka chino, utha kumangidwa chaka chamawa. Koma dzinja limene silinajambulidwe lapita basi. Madzi akatayika saoleka. Amene adzafune kuyerekeza chilala cha mawa ndi cha dzulo adzapeza tsamba lopanda kanthu, ndipo wovutika adzakhala mlimi amene amayembekeza chenjezo nthawi isanathe.