Kujambula Nyenyezi M'chigwa cha Phalombe

Aliyense amene analozapo foni yake kumwamba usiku wopanda mwezi, ataima m'chigwa cha Phalombe, mapiri a Mulanje ndi Michesi atabisika mumdima, Mlalang'amba utayala njira yake yoyera pamwamba pa midzi, adziwa chisoni chimene chimadza poona chithunzi chitatuluka chakuda bii, muli timadontho tiwiri kapena titatu basi. Ambiri amadzudzula foniyo nati ndi yotsika mtengo, koma mlandu weniweni uli pa nthawi, pakuti kuwala kwa nyenyezi n'kochepa ndithu, ndipo sikugwidwa m'kuphethira kwa diso monga tijambulira ukwati dzuwa lili paliwombo.

Tiyambe ndi diso lenilenilo. M'kati mwake, chakumbuyo, muli timaselo ta mitundu iwiri: tina, pafupifupi 6 miliyoni, timasiyanitsa mitundu ya zinthu masana, pamene tina, pafupifupi 100 miliyoni, timagwira ntchito mumdima koma sitizindikira chofiira kapena chobiriwira, ndicho chifukwa chake Mlalang'amba umaoneka wotuwa kwa ife. Timaselo ta usikuti timafuna mphindi 20 kapena 30 kuti tizolowere mdima, ndipo munthu akangoyang'ana tochi yowala, ntchito yonseyo imayambanso pachiyambi. Koma kuwala kofiira sikusokoneza kwenikweni, kotero wanzeru amakulunga tochi yake ndi kansalu kofiira. Timaseloti sitigwira ntchito popanda vitamini A, amene timampeza m'mango, mapapaya, maungu, chiwindi, masamba obiriwira ndi mbatata yofiira m'kati. Mwana amene ayamba kufufuza njira ndi manja kukangoyamba chisisira, anzake akuthamanga bwinobwino, asanenedwe kuti ndi wamantha. Apite naye kuchipatala msanga, chifukwa chimenecho chingakhale chizindikiro choyamba cha kuperewera kwa vitaminiyo.

Kamera ili ndi mphatso imene diso lilibe, ndiyo kusonkhanitsa kuwala pang'onopang'ono, monga ndowa yotcheredwa pansi pa denga idzala ndi madontho a mvula yowaza. Pamene masana chitseko cha kamera chimatsekuka ndi kutsekeka m'kachigawo kakang'ono ka sekondi, usiku chiyenera kukhala chotsekula masekondi 10, 15, ngakhale 20, ndipo mafoni ambiri a masiku ano amalola zimenezi pamene palembedwa Pro kapena Night. ISO, ndiyo muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikwezedwe kufika pa 1600 kapena 3200, koma osapitirira kwambiri, popeza chithunzi chimachita mchenga. Amene ali ndi kamera yaikulu atsekule lenzi yake yonse, nailunjikitse ndi dzanja pa nyenyezi yowala kufikira itaoneka kadontho kakuthwa. Nthawi yonseyi kamera isagwedezeke mpang'ono pomwe. Wopanda miyendo itatu yoimikapo kamera asataye mtima, pakuti kathumba ka nandolo kapena mpunga, koikidwa pa chitsa kapena pa njerwa, kamagwira foni nji. Ndipo aitchere kuti ijambule yokha patapita masekondi angapo, chala chitachokapo. Malire aliponso: dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, motero mukapitirira masekondi 25, nyenyezi zimayamba kutalika ngati timizere. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi oona kotheratu. Ngakhale akatswiri a ku Harvard, m'dziko la America, anafikira chaka cha 1850 kuti ajambule koyamba nyenyezi ya usiku, yotchedwa Vega.

Nyengo yokoma ndiyo kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, masiku amene chiperoni sichinaphimbe mapiri, utsi wa moto wa kutchire usanachuluke monga uchitira mu Seputembala ndi Okutobala. Sankhani masiku amene mwezi uli mumdima, omwe amabwera kamodzi pa masiku 29 ndi theka. Pamenepo pakati penipeni pa Mlalang'amba pamakwera pamutu pathu madzulo, mwayi umene anthu a ku Ulaya saupeza, ndipo kuwala kochokera kumeneko kwayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kudzagwere pa kalenzi ka foni ya mnyamata wa ku Migowi. Kummwera, chakumpata wa Fort Lister, kumaoneka nyenyezi zinayi zonga mtanda, ndi Alpha Centauri chapafupi, imene kuwala kwake kumatifika patapita zaka zoposa 4. Nyenyezi za Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimakongola madzulo a Disembala ndi Januwale, koma imeneyo ndi nthawi ya mitambo. Mame akagwa pa lenzi apukuteni ndi nsalu yofewa, ndipo okhala kufupi ndi nyanja ya Chilwa avale zovala zophimba manja ndi miyendo, pakuti udzudzu wa malungo umaluma nthawi yomweyo.

Chatsala chimodzi chimene ndichinena ndi mtima wolemera. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinawanda ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Munthu woyenda usiku yekha, atanyamula zipangizo zachilendo ndi kanyali kofiira, angathe kudzutsa mantha mwa anthu amene sanamve cholinga chake. Chifukwa chake, inu amene mufuna kuyamba luso limeneli, pitani kwa a mfumu dzuwa lisanalowe, mukafotokoze mwaulemu chimene mwadzera, mutenge mwana wa m'mudzimo akuperekezeni, ndipo chithunzi chikatuluka muyambe kuonetsa eni mudzi musanachitumize kwina kulikonse.