Kodi mumadziwa kuti dothi la njanji ya ku London linapanga malo a mbalame?

Dothi lolemera matani oposa 3 miliyoni, lomwe linafukulidwa pomanga njanji yapansi panthaka ya Elizabeth line ku London, linakathiridwa pachilumba cha Wallasea ku Essex. Lero kumeneko kuli madambo osungirako mbalame oyang'aniridwa ndi bungwe la RSPB.

Pakati pa 2012 ndi 2015, makina 8 akuluakulu anaboola njira zapansi zotalika makilomita 42, ndipo dothi lonselo linafunika kotayira. Ena anganene kuti kulitumiza kutali chonchi kunali kusakaza ndalama. Koma likananyamulidwa pa malole, misewu ya mumzinda ikanadzaza ndi fumbi ndi magalimoto kwa zaka, n'chifukwa chake linayenda pa njanji ndi pa sitima zapamadzi. Komanso nthaka ya ku Wallasea inali yotsika kuposa madzi a m'nyanja akasefukira, choncho inkafunikadi dothi loikwezera. Mu 2015 anagumula khoma lotchinga nyanja, madzi n'kulowa pang'onopang'ono m'madambomo. Apa zikuonetsa kuti womanga njanji yapansi ayenera kudziwiratu kopita dothi asanayambe kukumba.