Ngozi Yapita Koma Mantha Atsala: Tidziwe za Matenda a PTSD

Mitambo ikayamba kuda ndipo mabingu akamagunda, alimi ambiri m'dziko muno amakondwa nathamangira makasu awo. Koma ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu kuli abale athu ena amene akangomva mvula ikugwa padenga, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ndipo amachezera usiku wonse ali tcheru kumvetsera ngati phiri likulira. Ena mwa iwo ndi amene anapulumuka pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ndi kukwirira nyumba pamodzi ndi eni ake. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Mpingo, kudzera mu CADECOM ndi akhristu akufuna kwabwino, unathamangako ndi ufa, zovala ndi zofunda, ndipo unachita bwino. Komabe pali bala lina limene ufa ndi bulangete sizingapoletse, ndipo ndi limene tikufuna kukambirana lero.

Madokotala amalitchula vutoli m'Chingerezi kuti post-traumatic stress disorder, mwachidule PTSD. M'chinenero chathu tingati ndi matenda a maganizo amene amagwira munthu pambuyo poti wakumana ndi chinthu choopsa kwambiri, chimene chinafuna kuchotsa moyo wake, kumuvulaza kapena kumuchitira nkhanza, kapenanso pamene waona ndi maso ake zoterezi zikuchitikira wina. Ngozi ya minibasi, kusefukira kwa madzi, nkhondo, kuthyoleredwa nyumba ndi achifwamba a zikwanje, kugwiriridwa, kumenyedwa kwa zaka zambiri m'banja, kuona munthu akutenthedwa ndi gulu lolusa: zonsezi zingathe kusiya bala lotere. Nawonso apolisi, anamwino ndi anthu ongodzipereka amene amafukula mitembo m'matope sakhala otetezeka.

Dzinali ndi la posachedwapa, koma matendawa ndi akalekale. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918, madokotala a ku Britain anaona asilikali ambiri akunjenjemera, osalankhula, osagona, chonsecho pathupi pawo palibe chilonda, ndipo poyamba anaganiza kuti ubongo wawo wasokonezeka ndi kuphulika kwa mabomba. Ambiri a iwo ankatengedwa ngati anthu amantha ndi aulesi. Zinatenga zaka zambiri, komanso kudandaula kwa asilikali a ku America ochokera ku nkhondo ya ku Vietnam ndi amayi amene anagwiriridwa, kuti m'chaka cha 1980 bungwe la madokotala a maganizo la American Psychiatric Association liwalembe m'buku lake monga matenda enieni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse amakumana ndi chinthu choopsa chotere pa moyo wawo, koma amene amadwala PTSD ndi pafupifupi 6 okha mwa 100 a iwowo, ndipo amayi ndiwo amagwidwa kawirikawiri kuposa abambo. Chiwerengerochi chikutiphunzitsa kuti anthu ambiri amachira okha mothandizidwa ndi abale awo, ndipo sikoyenera kumuuza aliyense amene walira pa ngozi kuti wadwala.

Kodi chimachitika n'chiyani m'thupi?

Mulungu anatilenga ndi mlonda mkati mwathu. Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kukuwa pakabwera choopsa. Kakakuwa, thupi limatulutsa timadzi monga adrenaline, mtima umapopa magazi mwamphamvu, mpweya umafulumira, ndipo munthu amakonzeka kuthawa kapena kulimbana. Nthawi zina amangouma gwaa, osatha kusuntha kapena kufuula. Iyi ndi mfundo yofunika kuti tiisunge, pakuti atsikana ambiri ogwiriridwa amafunsidwa mwankhanza kuti, nanga bwanji sunakuwe? Kuuma kotere sikuvomera ayi, ndi thupi limene likuchita zokha pofuna kupulumutsa moyo.

Ngozi ikadutsa, mlonda uja amayenera kukhala pansi, ndipo mbali zina za ubongo zimasunga zimene zachitikazo monga nkhani yakale, yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Mwa munthu wodwala PTSD ntchito imeneyi siitheka bwino. Chochitikacho chimatsala m'zidutswa: fungo la matope, kulira kwa mabuleki, mawu a munthu woledzera, mtundu wa malaya. Chidutswa chimodzi chikapezeka lero, mlonda uja amakuwanso ngati kuti ngozi ikuchitika pompano. Wodwalayo amadziwa ndithu kuti ali pamsika kapena m'tchalitchi, koma thupi lake silikhulupirira.

Masiku oyamba pambuyo pa ngozi, kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi kusowa tulo ndi zachibadwa. Madokotala amayamba kuganizira za PTSD pamene zizindikiro zapitirira mwezi wathunthu ndipo zikumulepheretsa munthu kugwira ntchito, kuphunzira kapena kukhala bwino ndi anzake. Kawirikawiri zimayamba isanathe miyezi itatu, koma mwa ena zimabisala kwa miyezi yambiri ngakhale zaka. Okalamba ena amene anaona napolo wa ku Phalombe m'chaka cha 1991, kapena amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992 itabweretsa othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi kuno kwathu, angathe kupezeka akuyambiranso kulota zakalezo pamene tsoka latsopano lagwa kapena mnzawo wa m'banja wamwalira.

Momwe zimaonekera pakhomo

Chizindikiro chimene chimadziwika msanga ndi kubwereranso kwa chochitikacho, kaya m'maloto kaya masanasana. Koma chimene chimadya moyo wa munthu pang'onopang'ono ndi kupewa. Mayi amene anapulumuka pa ngozi ya galimoto amasiya kukwera minibasi, motero geni yake yokapikula tomato ndi nsomba imagwa, ndipo ana amayamba kugona ndi njala. Mnyamata amene anatsala pang'ono kumira safunanso kuoloka mtsinje, ndiye kuti sukulu yathera pomwepo ngati ili kutsidya. Bambo amene anafukula anansi ake m'matope amasiya kupita kumaliro, ndipo m'mudzi mwathu munthu wosapita kumaliro timamudziwa mmene timamunenera. Anthu amati wayamba kunyada, pamene iye akungothawa fungo ndi nyimbo zimene zimamubwezera ku tsiku lija.

Palinso kukhala tcheru kosalekeza. Wodwala amadzuka kangapo usiku kukayang'ana ngati chitseko chakhomedwa, amalumpha mbale ikagwa, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndipo m'kalasi kapena pantchito maganizo sakhazikika. Mabanja ambiri amagwedezekera pamenepa. Mkazi amadabwa kuti mwamuna amene anali wofatsa tsopano akukalipira ana popanda chifukwa, kapena wayamba kumwa kachasu kuti apeze tulo. Mwamuna naye amadandaula kuti mkazi wake sakumulabadira ndipo sakufuna kukhudzidwa, nayamba kuganiza kuti pali wina. Ankhoswe amaitanidwa, amaweruza za mowa ndi za kuchipinda, koma gwero la zonsezi silitchulidwa konse.

Ena samva mantha kwenikweni koma dzanzi mumtima. Mwana wawo akabatizidwa sakondwa, kwaya ikaimba samva kanthu, ndipo amadziimba mlandu kuti chikondi chawathera. Ambiri satchula za maganizo akafika kuchipatala: amangoti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, m'mimba mukuotcha, thupi lonse likuphwanya. Amayezedwa malungo kangapo osapezeka nawo, nabwerera ndi panado.

Ana ali ndi njira zawozawo. Mwana amene anasiya kukodza pogona amayambiranso, amakakamira amayi ake osafuna kusiyana nawo, ndipo pa masanje amabwerezabwereza zomwe anaona, monga kumanga tinyumba ta dothi n'kutigumula ndi madzi. Kumukwapula mwana wotere chifukwa chonyowetsa mphasa ndi kuwonjezera mantha pa mantha.

Chikhulupiriro chathu chikutinji?

Apa ndi pamene ife akhristu tiyenera kudzifunsa mosabisa. Munthu akamakuwa usiku naona anthu akufa m'maloto, kwathu kuno timathamangira kunena kuti walodzedwa kapena mizimu ya omwalira ikumuvutitsa. Mabanja amagulitsa mbuzi kupita kwa asing'anga ndi kwa aneneri, ndipo choipitsitsa n'chakuti nthawi zina amaloza chala agogo osalakwa. Enafe, amene timadziyesa ozama m'chipembedzo, timamuuza wodwalayo kuti akanakhala ndi chikhulupiriro chokwanira sakanachita mantha. Mawu amenewa ndi olakwika ndiponso ndi ankhanza. Sitimuuza munthu wothyoka mwendo kuti apemphere kolona m'malo mopita kukaikidwa chikhakha. Timamupempherera uku tikumunyamula kupita kuchipatala, ndipo Mpingo wa Katolika sunaphunzitsepo kuti pemphero ndi mankhwala n'zotsutsana.

Malembo Oyera sabisa mantha a anthu a Mulungu. Mneneri Eliya, atathawa Yezebele, anagona pansi pa mtengo m'chipululu napempha kuti afe, ndipo mngelo sanamudzudzule koma anamupatsa chakudya ndi madzi namulola kugonanso. Abwenzi a Yobe anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osalankhula kanthu. Analakwa pamene anatsegula pakamwa kuyamba kumufotokozera chifukwa chimene tsoka linamugwera. Timachitanso chimodzimodzi tikamauza mayi amene ana ake anakokoloka kuti chinali chifuniro cha Mulungu, iye asanatifunse n'komwe.

Ansembe ndi akatekisiti amakumana ndi mtundu wina wa vutoli umene ndi wovuta kuuzindikira. Munthu wopulumuka amadziimba mlandu kuti iye ali moyo pamene anzake anafa, kapena kuti dzanja la mwana linamupulumuka m'madzi. Amabwera kudzalapa chinthu chomwecho mobwerezabwereza, ndipo ngakhale alandire chikhululukiro mtima sutsika. Kulephera kugonjetsa mtsinje wosefukira si tchimo, ndipo munthu wotere amafunika kumva zimenezi momveka bwino, kenaka n'kulozeredwa kwa aphungu odziwa ntchito yawo. Tionjezerenso kuti kukakamiza mtsikana wogwiriridwa kuti akhululuke msanga ndi kuti nkhani ithere pakhomo pofuna kuteteza mbiri ya banja kapena ya mpingo si Chikhristu. Iye amafunika kufika kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachirombo ka HIV, ndipo nkhaniyo ikafike kupolisi, kunthambi ya Victim Support Unit. Kukhululuka kuli ndi nthawi yake, ndipo sikulowa m'malo mwa chilungamo.

Thandizo lilipo

PTSD ndi matenda ochizika. Chithandizo chimene kafukufuku wachitsimikiza kwambiri ndi cha uphungu wapadera, pamene katswiri amamuthandiza wodwala, pang'onopang'ono ndi pamalo otetezeka, kufotokoza zimene zinachitika, kuunikanso maganizo odziimba mlandu, ndi kubwerera ku malo ndi ntchito zimene wakhala akuzipewa. Njira zodziwika ndi CBT yolunjika pa zoopsazo komanso ina yotchedwa EMDR, ndipo kawirikawiri zimatenga masabata angapo kapena miyezi yochepa. Madokotala angathenso kupereka mankhwala monga fluoxetine kapena sertraline, amene amayamba kugwira ntchito patapita masabata angapo ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi. Koma mapiritsi ogonetsa monga diazepam, amene ena amagula mwachinyengo, sachiza matendawa ndipo munthu amatha kuwazolowera. Mowa ndi chamba zimabweretsa tulo ta usiku umodzi n'kukulitsa vutolo.

Ife amene si madokotala tili ndi gawo lathu. Kale anthu ankaganiza kuti aliyense wopulumuka ayenera kukhazikidwa pansi tsiku lomwelo kuti afotokoze zonse mwatsatanetsatane, koma zinapezeka kuti kukakamiza kotere sikuthandiza ndipo ena kumawapweteka. Chofunika poyamba ndi chitetezo, chakudya, pogona, uthenga woona wa kumene kuli abale ake, ndi munthu wokhala naye pafupi amene angamvetsere ngati iye mwini afuna kulankhula. Miphakati yathu, Amayi Achikatolika ndi a Legio, amene amayendera kale odwala, angachite zimenezi bwino lomwe, pokhapokha ngati asunga chinsinsi. Nkhani ya munthu ikamveka pachitsime mawa lake, sadzatsegulanso pakamwa.

Mpingo wathu uli ndi mbiri yakale pa ntchitoyi. Yohane wa Mulungu Woyera, amene anabadwira ku Portugal mu 1495 namwalira ku Granada m'dziko la Spain mu 1550, anali msilikali, ndipo pa nthawi ina iye mwini anatsekeredwa m'chipatala cha odwala misala kumene ankakwapulidwa monga mwa machitidwe a masiku amenewo. Atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamalira odwala mwaulemu. Chipani chimene chinachokera kwa iye chikugwira ntchito ya umoyo wa maganizo ku Mzuzu kuyambira zaka za m'ma 1990, chili ndi malo enanso ku Lilongwe, ndipo ku Mzuzu kuli sukulu yake yophunzitsa aphungu ndi ogwira ntchito za umoyo wa maganizo. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kuli othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likupereka maphunziro ndi uphungu. Kumbali ya boma kuli chipatala chachikulu cha Zomba Mental, koma sikofunika kuyambira kutali choncho: pachipatala cha boma lanu funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, ndipo mukafika musangonena za mutu ndi mtima wothamanga, mutchulenso chimene chinakuchitikirani ndi nthawi imene zizindikiro zinayamba.

Pomaliza, pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira Lamulungu kapena msonkhano wa mphakati. Ngati m'bale wathu wayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, akugawa katundu wake kapena akutsanzika mosadziwika bwino, timufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Tichotse m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, tisamusiye yekha, ndipo timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.